Nsomba za m'nyanja yamchere: mwini wake ndani, amaziwerenga ndani, amazigawa ndani?

Pa 15 Sepitembala 2025 pangano la bungwe la zamalonda la WTO, loletsa maboma kuthira ndalama mu usodzi wowononga, linayamba kugwira ntchito. Patangopita miyezi inayi, pa 17 Januwale 2026, linayambanso pangano lina la United Nations lokhudza madzi a pakatikati pa nyanja zamchere, kumene kulibe dziko limene linganene kuti ndi kwake. Malawi, amene alibe ngakhale phazi limodzi la gombe la nyanja yamchere, ndiye anali woyamba mwa mayiko opanda gombe kuvomereza pangano lachiwirili. Munthu akamva nkhani ziwirizi akhoza kuzisakaniza, mpaka kuganiza kuti usodzi wa m'nyanja zikuluzikulu waletsedwa. Sunaletsedwe.

Nkhaniyi si yakutali monga ikumvekera. Karapau amene amadzaza mafiriji a m'magolosale ku Lilongwe, Lusaka ndi Tete, wambiri amachokera m'madzi a Namibia. Kuti afike pa mbale, pali nduna imene inalamula matani oti agwidwe chaka chimenecho, pali asayansi amene anayerekeza kuchuluka kwake, ndipo pali kampani imene inapatsidwa chilolezo pamene ina inamanidwa. Malamulo onse a usodzi wa m'nyanja yamchere amazungulira pamenepo: madziwo ndi a yani, nsomba zilimo zingati, ndipo adye ndani. Funso loyamba mayiko analithetsa ndithu. Awiri enawo akadali kusautsa.

Madzi ndi a yani?

Kwa zaka mazana ambiri lamulo linali lakuti nyanja yamchere ilibe mwini. Katswiri wa malamulo wa ku Netherlands, Hugo Grotius, analemba mu 1609 kuti palibe mfumu ingamangire nyanja mpanda, ndipo maganizo akewo ndi amene anakhazikika. Dziko linkangolamulira kachigawo ka mamailosi atatu kuchokera pagombe, mtunda umene anthu ankati mzinga woombedwa kumtunda ungafike. Kupitirira apo, nsomba inali ya amene wayamba kuigwira.

Zimenezi zinkayenda pamene asodzi ankadalira matanga ndi mbedza. Kutabwera sitima za injini zokoka makoka aakulu, kenako zina zokhala ndi mafiriji ndi fakitale mkati momwemo, mayiko a m'mphepete mwa nyanja anayamba kuonerera alendo akukokolola nsomba pakhomo pawo penipeni. Chile ndi Peru ndiwo anayamba kulengeza, mu 1947, kuti madzi awo akufika mamailosi 200. Mayiko olemera anaziona ngati nthabwala.

Amene anaonetsa kuti si nthabwala ndi Iceland, kachilumba kamene chuma chake chinkadalira kwambiri nsomba ya cod. Mu 1958 Iceland anakankhira malire ake ku mamailosi 12, mu 1972 ku mamailosi 50, ndipo mu 1975 ku mamailosi 200. Ulendo uliwonse Britain ankatumiza sitima zankhondo kukaperekeza asodzi ake. Asilikali apamadzi a Iceland analibe zida zofanana nazo, koma anali ndi chitsulo chimene ankachikoka kumbuyo kwa sitima yawo, n'kudutsa nacho kumbuyo kwa sitima ya asodzi a Britain, kudula zingwe za khoka. Khoka lonse ndi nsomba zake zinkamira. Sitima zinkagundana dala, ndipo mu 1976 Iceland anathetsa ubale wa ukazembe ndi Britain n'kuopseza kuti atseka malo a asilikali a NATO ku Keflavík. Britain anagonja chaka chomwecho. Madoko a Hull ndi Grimsby, amene ankadyera m'madzi a Iceland, anataya ntchito zankhaninkhani.

Zonsezi zinakathera mu pangano la United Nations la malamulo a panyanja, limene linasainidwa ku Montego Bay, Jamaica, mu Disembala 1982 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1994. Panganoli linagawa nyanja m'zigawo. Mamailosi apanyanja 12 oyamba ali ngati nthaka ya dzikolo. Kufika pa mamailosi 200, omwe ndi makilomita 370, sitima za aliyense zikhoza kudutsa, koma nsomba ndi chuma china ndi za dziko la pagombelo. Chigawo chimenechi amachitcha EEZ. Kupitirira pamenepo ndi madzi a tonse, ndipo ndi aakulu kwabasi, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nyanja zonse. Mwayi wake ndi wakuti nsomba zambiri zimakhala kufupi ndi gombe, kumene madzi ndi osazama ndipo chakudya n'chochuluka, motero mzere wa mamailosi 200 unaika nsomba zochuluka m'manja mwa maboma.

Mayiko opanda gombe sanaiwalidwe papepala. Ndime 69 ya panganoli imati dziko ngati Malawi kapena Zambia lili ndi ufulu wotengako gawo la nsomba zotsala m'madzi a anansi ake, akagwirizana. Koma amene amanena ngati pali zotsala ndi mwini gombe yemweyo.

Nsomba zilimo zingati?

Mu 1883 wasayansi wotchuka wa ku Britain, Thomas Huxley, anauza msonkhano ku London kuti nsomba ngati cod ndi herring n'zochuluka moti palibe chimene munthu angachite chimene chingazithe. Lero palibe amene angayankhule choncho. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linapeza kuti mwa magulu a nsomba za m'nyanja yamchere amene limawatsatira, 10 peresenti ndi amene ankagwidwa mopyola muyeso mu 1974, koma pofika 2021 anali atafika 37.7 peresenti. Nsomba zogwidwa m'nyanja zamchere padziko lonse zaima pafupifupi pa matani 80 miliyoni pachaka kwa zaka zoposa 30, ngakhale kuti sitima zakhala zikuwonjezeka mphamvu.

Mfundo imene maboma amayendera amaitcha MSY. Ifanizireni ndi banki m'khonde. Nsomba zazikulu zoswana ndi mpamba, ndipo zimene zimabadwa n'kukula chaka chilichonse ndi chiwongoladzanja. Gulu likamagawana chiwongoladzanja chokha, bokosi silitha. Likayamba kudya mpamba, chaka chamawa chiwongoladzanja chimachepa, ndipo aliyense akaumirira kulandira zomwe analandira chaka chatha, bokosi limauma msanga kuposa mmene aliyense ankaganizira. MSY ndi matani ochuluka kwambiri amene angatengedwe chaka ndi chaka mpamba osakhudzidwa. Vuto lake n'lakuti bokosi ili palibe amene angalitsegule n'kuwerenga. Asayansi amatumiza sitima yakafukufuku kukaponya khoka m'malo osankhidwa, amagwiritsa ntchito makina otumiza mawu pansi pa madzi, amayeza msinkhu wa nsomba powerenga mizere ya pa kafupa ka m'khutu mwake, n'kuphatikiza zonsezo ndi malipoti a asodzi. Chimene chimatuluka ndi chiyerekezo, ndipo chiyerekezo chimaphonya.

Kuphonya kodziwika kwambiri kunachitika ku Newfoundland, kum'mawa kwa Canada. Anthu a ku Ulaya anakhala akugwira cod kumeneko kwa zaka pafupifupi 500, ndipo midzi mazanamazana ya m'mphepete mwa nyanja inamangidwa pa nsomba imeneyi. Kutafika sitima za mafakitale zochokera ku Soviet Union, Germany, Spain, Portugal ndi kwina, matani ogwidwa anakwera mpaka 810,000 m'chaka cha 1968 chokha, kenako anayamba kutsika. Mu 1977 Canada analengeza mamailosi ake 200 n'kuthamangitsa alendo ambiri. Aliyense ankati tsopano nsomba zipuma.

M'malo mwake Canada anamanga sitima zakezake zikuluzikulu ndi mafakitale atsopano, podalira kuti nsomba zikubwerera mofulumira. Ziwerengero za boma zinkaonetsadi choncho. Koma mbali ina ya ziwerengerozo inkachokera ku sitima zazikuluzo, ndipo sitimazo zinkadzazabe. Chimene sichinaganiziridwe mokwanira n'chakuti cod ikachepa imaunjikana malo amodzi, ndipo woyendetsa sitima wokhala ndi makina oonera pansi pa madzi amalipeza gulu lotsalalo n'kulikoka lonse. Khoka limadzaza mpaka tsiku lomaliza. Asodzi ang'onoang'ono a kugombe, amene ankatchera pamalo omwewo pamene makolo awo ankatchera, ndiwo anayamba kudandaula m'zaka za m'ma 1980 kuti nsomba zachepa ndipo zimene zikugwidwa ndi zazing'ono. Anauzidwa kuti mwina madzi azizira, nsomba zangosamuka.

Asayansi a boma atakonza masamu awo, analangiza kuti mlingo wa nsomba zoti zigwidwe mu 1989 utsikire ku matani 125,000. Nduna inaika 235,000, poopa kutseka mafakitale ndi kuchotsa anthu masauzande pa ntchito. Apa m'pamene pali phata la nkhani yonse ya kayendetsedwe ka usodzi: wasayansi amalangiza, wandale ndiye amalamula, ndipo wandaleyo ali ndi anthu enieni pakhomo la ofesi yake pamene nsomba za chaka chamawa zilibe voti. Munthu sangamuweruze mopepuka, koma zotsatira zake zinali zowawa kuposa zimene ankazithawa. Pa 2 Julaye 1992 nduna ya zausodzi, John Crosbie, inalengeza kuti usodzi wa cod ya kumpoto watsekedwa. Inkayankhula mu hotela ku St. John's asodzi okwiya akumenya chitseko kuti alowe. Dzulo lake, atamuzungulira pa doko la Bay Bulls, anali atawayankha mokalipa kuti si iye amene anachotsa nsomba m'madzimo. Anthu pafupifupi 30,000 anataya ntchito. Nsomba zoswana zinali zitatsala pafupifupi 1 peresenti ya mmene zinalili kale.

Boma linati kutsekako kukhala kwa zaka ziwiri. Kunatenga zaka 32. Chifukwa chimene cod inalepherera kubwerera msanga akatswiri amatsutsanabe: ena amaloza kuchepa kwa capelin, kansomba kamene cod imadya, ena kusintha kwa kutentha kwa madzi, ena kuchuluka kwa nyama zam'madzi zotchedwa seal, enanso usodzi waung'ono umene unkapitirirabe. Mu 2023 boma linasintha muyeso umene limagwiritsa ntchito, ndipo cod inachoka m'gulu la nsomba zimene zili pangozi yaikulu, osati chifukwa chakuti inachuluka mwadzidzidzi koma chifukwa mzere unasunthidwa potengera mbiri yakale imene anaiwonjezera m'masamuwo. Mu Juni 2024 usodziwo unatsegulidwanso ndi mlingo wa matani 18,000. Mabungwe a zachilengedwe anati kwafulumira. Bungwe la asodzi a kugombe nalo linakwiya, koma pa chifukwa china: sitima zazikulu zokoka makoka zinaloledwa kubwerera.

Adye ndani?

Kudziwa matani ndi theka chabe la ntchito. Boma likangonena kuti chaka chino mugwire matani akutiakuti basi, osagawa, asodzi amachita mpikisano. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nsomba imene waisiya lero kuti ikule, mawa aigwira mnzako. Aliyense amagula injini yaikulu ndi khoka lalitali kuti atengeretu mlingo usanathe, boma limafupikitsa nyengo, iwo amawonjezeranso mphamvu. Ku Alaska usodzi wa halibut unafika pomatsegulidwa masiku awiri kapena atatu okha pachaka, ndipo asodzi ankalowa m'madzi ngakhale kuli namondwe chifukwa tsikulo likapita lapita. Anthu ankafa, ndipo nsomba yonse inkafika pamsika nthawi imodzi mtengo n'kugwa. Anasiya njira imeneyi mu 1995.

Njira zakale zochepetsera usodzi n'zodziwika kwa aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja ya Malawi: kutseka nyengo yoswana, kuletsa maukonde a maso ang'onoang'ono, kuteteza malo ena. Chilumba cha Mbenji ku Salima chakhala chikutsekedwa nyengo ya mvula molamulidwa ndi mfumu Makanjira kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo Mozambique amatseka usodzi wa nkhanu zam'nyanja za mtundu wa prawn ku Sofala miyezi ingapo chaka chilichonse. Njira zimenezi zimalamula nthawi, malo ndi zida. Sizinena kuti munthu uyu atenge zingati.

Chatsopano chinali kugawa mlingowo m'makota, monga mlimi wa fodya amapatsidwa kota ya makilogalamu oti agulitse. Iceland anayamba ndi cod mu 1984, ndipo New Zealand anakhazikitsa dongosolo lake mu 1986. Sitima kapena kampani iliyonse imapatsidwa peresenti yake ya mlingo wa dziko, ndipo kotayo ikhoza kugulitsidwa kapena kubwerekedwa. Ochirikiza njirayi amati mpikisano umatha, msodzi amapita panyanja tsiku limene nyengo ili bwino ndi mtengo uli wokwera, ndipo popeza kota yake imakwera mtengo nsomba zikachuluka, iye mwini amafuna kuti zitetezedwe. M'malo ambiri zimenezi zachitikadi.

Otsutsa amafunsa kuti kota yoyambayo inaperekedwa kwa yani. Nthawi zambiri inaperekedwa ulere kwa eni sitima potengera zimene anagwira m'zaka zam'mbuyo, kutanthauza kuti amene anakokolola kwambiri ndiye analandira zambiri, pamene antchito a m'sitima sanalandire kanthu. Ku Iceland makota anaunjikana m'manja mwa makampani ochepa, ndipo mwini sitima akagulitsa kota yake, mudzi wonse unkatsala ndi doko lopanda ntchito. Mu 2007 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inagwirizana ndi asodzi awiri a ku Iceland amene anadandaula kuti dongosololi ndi latsankho. Ku New Zealand a Māori, eni nthaka a dzikolo, anatengera boma kukhoti ponena kuti lagawa chinthu chimene pangano la Waitangi la 1840 linawasiyira iwo, ndipo nkhaniyo inatha mu 1992 atapatsidwa gawo lalikulu la makota. Ku South Africa lamulo la usodzi la 1998 linayesa kulowetsa anthu akuda m'bizinesi imene tsankho linawatsekera, koma asodzi ang'onoang'ono a m'midzi ya kugombe ambiri anatsala kunja, mpaka khoti linalamula mu 2007 kuti boma liwakonzere ndondomeko yawoyawo, imene inatuluka mu 2012.

Kota ilinso ndi kachilema kena. Msodzi wokhala ndi kota ya mtundu umodzi akakola mtundu wina, kapena akakola zing'onozing'ono zotsika mtengo, amakopeka kuzitaya m'madzi, zambiri zitafa kale. European Union inaletsa kutaya kotereku pang'onopang'ono pakati pa 2015 ndi 2019, koma kutsimikiza zimene zikuchitika pa sitima imene ili kutali ndi gombe usiku ndi nkhani ina.

Ndipo popeza kota ndi ndalama, amene amaigawa ali ndi mphamvu zoopsa. Namibia imatamandidwa chifukwa itangolandira ufulu mu 1990 inalengeza mamailosi ake 200, inagwira sitima za ku Spain zimene zinkaba nsomba ya hake, n'kumanga usodzi wakewake. Koma mu Novembala 2019 kunatuluka zikalata zonena kuti kampani ya ku Iceland ya Samherji inkapereka ziphuphu kuti ipeze makota a karapau. Nduna ziwiri, Bernhard Esau wa zausodzi ndi Sacky Shanghala wa zachilungamo, zinatula pansi maudindo kenako n'kumangidwa. Onse akukana kulakwa, ndipo mlanduwo, umene umatchedwa Fishrot, wakhala ukuchedwa kukhoti kwa zaka.

Nsomba zosadziwa malire

Mzere wa mamailosi 200 uli pa mapu okha. Gulu limodzi la nsomba likhoza kukhala theka mkati, theka kunja, ndipo tuna imayenda nyanja yonse. Mu Malichi 1995 Canada anaombera machenjezo n'kugwira sitima ya ku Spain yotchedwa Estai kunja kwa malire ake, ponena kuti ikumaliza nsomba ya turbot imene Canada ankaiteteza mkati. Spain anati kumeneko ndi kuba sitima. Chaka chomwecho mayiko anagwirizana pangano la nsomba zodutsa malire, limene linalimbikitsa mabungwe a m'zigawo.

Mabungwe amenewa ndi mabwalo amene mayiko osodza m'chigawo chimodzi amakumana n'kugwirizana milingo. Tuna ya m'nyanja ya Atlantic imayang'aniridwa ndi ICCAT, imene likulu lake lili ku Madrid, ndipo ya m'nyanja ya Indian ndi IOTC, ku Seychelles, kumene Mozambique, Tanzania ndi South Africa ndi mamembala. Oweruza ndi osodza omwewo, ndipo m'mabungwe ambiri dziko limene silinakondwe ndi chigamulo likhoza kulemba kalata yokana, chigamulocho osalikhudza. Komabe sikuti sathandiza. ICCAT inanyozedwa kwa zaka chifukwa choika milingo yoposa malangizo a asayansi ake, koma itadula kwambiri mlingo wa bluefin tuna cha m'ma 2010 n'kukhwimitsa kalondolondo, nsombayo inabwerera. Mkangano umene sutha ndi wa kagawidwe. Mayiko amene akhala akusodza kutali kwa zaka zambiri amati gawo litengere mbiri ya zimene aliyense wakhala akugwira. Mayiko a pagombe amene analibe sitima amati nsomba zogwidwa m'madzi awo ziwerengedwe kuti ndi mbiri yawo, ngakhale anazigwira ndi alendo.

Dziko lopanda sitima likhoza kugulitsa chilolezo. Mayiko asanu ndi atatu a zilumba za Pacific a m'pangano la Nauru anagwirizana kugulitsa masiku osodzera pa mtengo umene onse sangatsike nawo, ndipo ndalama zimene amapeza zinakwera kuchoka pa madola pafupifupi 60 miliyoni mu 2010 kufika pafupifupi 500 miliyoni pachaka. Mozambique anayesa njira ina, yogula sitima zake: kampani ya boma ya EMATUM inakongola madola 850 miliyoni mu 2013, sitima za tuna zinafika, koma zinathera kuchita dzimbiri pa doko la Maputo ndipo ngongoleyo inakhala mbali ya mlandu waukulu wa ngongole zobisika.

Kugwira wakuba pakati pa nyanja

Sitima ikakhala m'madzi a tonse imamvera malamulo a dziko limene mbendera yake yanyamula. Mayiko ena amagulitsa mbendera kwa aliyense popanda kufunsa zambiri, motero mwini sitima akhoza kukhala ku Ulaya, kampani n'kulembetsedwa pa kachilumba kena, mbendera n'kukhala ya dziko la mu Africa limene sitimayo sinafikeko. Kafukufuku wa mu 2009 anayerekeza kuti nsomba zogwidwa mwakuba kapena mosalembetsa zimakhala pakati pa matani 11 miliyoni ndi 26 miliyoni pachaka. Kutalikirana kwa manambala awiriwo kukusonyeza mmene chinthuchi chilili chovuta kuyeza.

Sitima yotchedwa Thunder inkaba nsomba ya toothfish kufupi ndi Antarctica, ikusinthasintha mayina ndi mbendera, ndipo Interpol inali itaitulutsira chidziwitso. Amene anaipeza mu Disembala 2014 si boma lililonse koma bungwe loima palokha la Sea Shepherd, limene linalibe mphamvu yomanga munthu. Linangoitsatira, masiku 110, kuchoka m'madzi oundana, kuzungulira kumwera kwa Africa, mpaka kufupi ndi São Tomé. Ali m'njira, Nigeria anaichotsa m'kaundula wake, n'kukhala sitima yopanda dziko. Mu Epulo 2015 inamira, zitseko zake zamkati zili zotsegula, ndipo amene ankaithamangitsa aja ndiwo anavuula antchito ake. Khoti la ku São Tomé linapeza woyendetsa wake ndi akuluakulu ena awiri olakwa.

Kuthamangitsana kotereku palibe boma lingakukwanitse tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake mayiko anatembenukira kudoko, pakuti nsomba iliyonse iyenera kutsitsidwa penapake. Pangano la FAO limene linayamba kugwira ntchito mu 2016 limapatsa dziko mphamvu yokaniza sitima yachilendo yokayikitsa kulowa padoko, kumwetsa mafuta kapena kutsitsa katundu. European Union nayo imachenjeza ndi khadi yachikasu, kenako yofiira yoletsa nsomba kulowa pamsika wake, dziko limene silikulamulira sitima zake. Makina a setilaiti amaonetsa kumene sitima ili, koma woyendetsa akhoza kuzimitsa ena mwa makinawo, ndipo sitima zina zimatsanulira nsomba mu sitima ina pakati pa nyanja, zakuba n'kusakanikirana ndi zovomerezeka.

Ndalama za boma

Nsomba zikachepa, usodzi umayenera kusiya kupindulitsa, sitima zina n'kuima zokha. Chimene chimalepheretsa zimenezi ndi thandizo la boma: mafuta otsika mtengo, ngongole zofewa zomangira sitima, kukhululukira misonkho. Akatswiri anayerekeza kuti mu 2018 maboma anathira madola pafupifupi 35 biliyoni mu usodzi, ndipo 22 biliyoni mwa amenewo anali a mtundu wowonjezera mphamvu zogwirira nsomba. Ambiri mwa otsalawo ndi olipirira zinthu ngati kafukufuku ndi kulondera, zimene palibe amene amazitsutsa.

Zokambirana za ku WTO zinayamba mu 2001 ndipo zinatenga zaka 21. Pangano la mu Juni 2022, lija layamba kugwira ntchito mu 2025, limaletsa thandizo ku sitima zopezeka zikuba, ku usodzi wa nsomba zimene zatha kale mopyola muyeso pokhapokha pali ndondomeko yozibwezeretsa, ndi ku usodzi wa m'madzi a tonse kumene kulibe bungwe loyang'anira. Silikhudza thandizo wamba la mafuta ndi lomangira sitima, limene ndiye lalikulu. Gawo limenelo anagwirizana kuti akambirana padera, ndipo sanamvanebe. India ndi mayiko ena amati si chilungamo kuyeza ndi muyeso umodzi msodzi wa bwato laling'ono ndi kampani ya sitima zoyenda nyanja zonse, ndipo amene anawononga ndiwo ayambe kudula. Ena amayankha kuti mayiko ena otchedwa osauka ndi amene tsopano ali ndi sitima zambiri, China patsogolo, ndipo kupatula ambiri kungaphe cholinga chonse.

Zimene zikadali poyera

Pangano la WTO lili ndi ndime yakuti ngati gawo lachiwirilo silimalizidwa pasanathe zaka zinayi chiyambireni kugwira ntchito, lonse lidzatha mphamvu, pokhapokha mamembala atagamula zina. Tsiku limenelo likugwa mu Sepitembala 2029.

Pangano la madzi a tonse, lija Malawi analivomereza msanga, limalola kukhazikitsa malo otetezedwa pakati pa nyanja, koma limanenanso kuti lisafooketse mabungwe amene alipo kale. Malo otetezedwa akadzagwa pamene bungwe la tuna limalola kusodza, mawu omaliza adzakhala a yani? Zimenezi zidzaoneka pa malo oyamba amene adzaperekedwe.

Kutentha kwa madzi kukusuntha nsomba. Mackerel ya kumpoto kwa Atlantic itayamba kufika yambiri m'madzi a Iceland cha m'ma 2007, Iceland anadziikira mlingo wake, ndipo kuyambira nthawi imeneyo mayiko a m'chigawocho akhala akulephera kugwirizana onse pamodzi za kagawidwe, moti milingo yawo ikaphatikizidwa imaposa malangizo a asayansi chaka ndi chaka. Ngati mayiko olemera okhala ndi asayansi okwanira akukanika, zidzatha bwanji nsomba za kumadera otentha zikamasamukira kozizira, kusiya mayiko amene makota ndi zakudya zawo zinadalira pamene nsombazo zinali?

Palinso funso la ntchito ya nsombayo ikagwidwa. Ku Mauritania, Senegal ndi Gambia mafakitale amagaya sardinella, nsomba yotsika mtengo imene amayi amaiwamba n'kuigulitsa mpaka m'mayiko a kumtunda, kuti ikhale chakudya cha nsomba zoweta ndi ziweto ku Ulaya ndi ku Asia. Mafakitalewo amabweretsa ndalama zakunja ndi misonkho. Gulu la nsombalo ndi limodzi, limayenda m'madzi a mayiko onsewo, ndipo palibe mlingo umodzi umene umawamanga onse.